Makina Owerengera Asonyeza Mmene Zinthu Zigwera M'dzenje Lakuda

Pa 10 April 2019 akatswiri a zakuthambo anaonetsa dziko lonse chithunzi choyamba cha dzenje lakuda: mphete yowala yozinga mdima, pakati pa khamu la nyenyezi lotchedwa M87. Komatu mpheteyo akatswiriwo anali ataiona kale, osati kuthambo ai, koma m'makompyuta.

Dzenje lakuda ndilo malo amene mphamvu yokoka ikula kotero kuti ngakhale kuwala sikungatulukemo. Chiphunzitso chake chichokera m'masamu amene Albert Einstein anafalitsa mu 1915. Dzenjelo palokha silioneka. Chooneka ndicho mpweya wotentha umene uli pafupi kugweramo.

Tsono mpweyawo sugwa molunjika monga mwala m'chitsime. Uzungulira monga madzi otakasidwa mumphika, nuyalika ngati lichero lalikulu. Chinthu chozungulira mothamanga chotero sichingagwe pokhapokha china chikachigwira. Nanga chogwiracho n'chiyani? Mu 1973 Nikolai Shakura ndi Rashid Sunyaev, a ku Moscow, anati mpweyawo ukhulana wokhawokha, koma gwero la kukhulanako silinadziwike bwino. Mu 1991 Steven Balbus ndi John Hawley, a pa yunivesite ya Virginia, anasonyeza kuti mphamvu ya maginito, ingakhale yochepa, imanga mpweya wa m'kati wothamanga ndi wa kunja wochedwa monga ndi chingwe cha mphira. Wa m'katiwo ukokedwa m'mbuyo nutsikira kudzenje. Wa kunjawo ukankhidwira kutali. Ndipo lichero lonse livunduka.

Kuvunduka kotere sikuwerengeka ndi cholembera. Chifukwa chake kompyuta igawa malo ozinga dzenjelo m'tizigawo mamiliyoni, niwerengera kutentha, liwiro ndi maginito a kachigawo kalikonse, kamphindi ndi kamphindi, kenaka nitsata njira imene kuwala kupindika nayo pobwera kwa woonera.

Ntchito yojambula dzenje ndi masamu siinayambe dzulo. Mu 1979 Jean-Pierre Luminet wa ku France anafalitsa chithunzi chimene anachiwerengera pa makina a IBM 7040, nachilemba ndi dzanja, kadontho ka inki kamodzikamodzi. Chinasonyeza kuti mbali imene mpweya uthamangira kwa woonera idzawala koposa inzake. Patapita zaka 40, mphete ya M87 inaonekadi yowala mbali imodzi.

Dzenje la M87 lilemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni, ndipo kuwala kochokerako kuyenda zaka 55 miliyoni kuti kufike kuno. Gulu la Event Horizon Telescope linaliyang'ana mu April 2017 ndi makina oonera kutali okwana 8, ndipo linayerekeza zimene linaona ndi zithunzi zikwizikwi za m'makompyuta. Kuyerekezako kunakana dzenje losazungulira, pakuti lotero silikadatha kuponya mpweya kutali ndi mphamvu imene M87 iuponya nayo.

Koma mlandu sunathe. Pa 12 May 2022 gulu lomwelo linaonetsa Sagittarius A*, dzenje la pakati pa khamu lathu la nyenyezi, lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni. Apa palibe chiwerengero cha kompyuta chimene chinapambana mayeso onse. Zambiri zinasonyeza kuwala kosinthasintha koposa kumene kunaonekadi. Kompyuta iyankha molingana ndi malamulo amene yapatsidwa. Pamene yasiyana ndi thambo, akatswiri abwerera kukafufuza chimene anachisiya m'masamu ao.