Mabotolo akale a kristalo amakongola ndi mtovu

Kumaokushoni a zinthu zakale ku Britain ndi Ireland, botolo lopanda kanthu limatha kugulidwa pamtengo woposa wa mowa umene linkasunga. Botolo lake ndi dikanta, lagalasi lolemera, lozokotedwa mbali zonse, lokhala ndi chitsekerero chagalasi. Anthu olemera ankathiramo vinyo, burande kapena wisiki asanapereke kwa alendo, ndipo lero alipo anthu amene amasonkhanitsa mabotolowa pamodzi ndi matambula ake komanso tizikwangwani tasiliva tokoleka pakhosi pa botolo, tolembedwa dzina la chakumwa.

Poyamba dikanta inali ndi ntchito yeniyeni. Vinyo wakale ankakhala ndi nsenga pansi, choncho ankamukhuthulira pang'onopang'ono m'botolo lina kuti nsengazo zitsale. Wisiki alibe nsenga. Kumuthira mu dikanta kunali kungofuna kuti mtundu wake uoneke bwino pathebulo, ndiponso kuti mlendo aone kuti mwini nyumba si munthu wamba.

Mbiri ya galasi la mabotolowa imayambira kwa George Ravenscroft, wamalonda wa ku London, amene mu 1674 adalandira chiphaso cha umwini wa luso lopanga galasi loyera mbee. Magalasi ake oyamba ankachita timing'alu tosaoneka bwino pakapita nthawi, mpaka pamene adayamba kusakanizamo mtovu. Mtovuwo udathetsa vutolo, ndipo udabweretsanso zina: galasi lidalemera, lidayamba kunyezimira kwambiri likawombedwa ndi kuwala, komanso lidafewa moti mmisiri ankatha kulizokota mozama osaliswa. Mpaka lero malamulo a ku Ulaya amati galasi lotchedwa kristalo ya mtovu likhale ndi mtovu wosachepera magawo 24 pa 100 alionse.

Msonkho nawo udaumba maonekedwe a mabotolowa. Mu 1745 boma la Britain lidayamba kudula msonkho wa galasi potengera kulemera kwake, ndipo amisiri a ku England adayamba kupanga zinthu zopyapyala. Ireland sidakhudzidwe ndi msonkhowo mpaka 1825, motero kumeneko galasi lochindikala lidapeza mpata. Mu 1783 George ndi William Penrose adatsegula fakitale mumzinda wa Waterford, imene madikanta ake a mphete zitatu pakhosi, zothandiza kuti botolo lisapulumuke m'manja, amafunidwa kwambiri ndi osonkhanitsa.

Apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsika. Fakitale ya Penrose idatsekedwa mu 1851, ndipo dzina la Waterford lidadzukanso mu 1947 ndi kampani ina. Choncho wogulitsa akati botolo ndi la Waterford sananame, koma pakati pa botolo la m'ma 1790 ndi la m'ma 1970 pali kusiyana kwakukulu pamtengo. Ena mwa akale aja ali ndi mawu akuti Penrose Waterford oumbidwa kunsi kwake, pamene atsopanowa ali ndi chidindo chofuwirira chimene chimaoneka ukapendeketsa botolo powala.

Odziwa sayambira pa zozokota, amayambira pa chitsekerero. Kale chitsekerero chilichonse ankachipala kuti chikwane pakamwa pa botolo lake lokha, ndipo amisiri ambiri ankalemba nambala imodzimodzi pa chitsekerero ndi pakhosi pa botolo. Manambala akasiyana, kapena chitsekerero chikamagwedera, ndiye kuti china chidasweka ndipo wina adangokwatitsa zotsala, zomwe zimagwetsa mtengo. Kenako amatembenuza botolo. Kunsi kwa galasi louzidwa ndi pakamwa kumakhala chipsera, kapena kadzenje kosalala, pamene ndodo ya mmisiri idagwira. Botolo limene lakhala likusunthidwa pathebulo kwa zaka 200 limakhalanso ndi zokalika zopita mbali zosiyanasiyana. Zokalika zoyenda mzere umodzi zimapereka chikaiko chakuti wina wachita kukhutiza dala. Chifunga choyera m'kati mwa galasi, chimene sichichoka ngakhale utsuke motani, ndi chilema chobwera ndi madzi okhalitsamo.

Pali chipangizo china chimene chimaulula za nyumba zimene mabotolowa ankakhala. Mu 1881 agogo ake a mlakatuli John Betjeman adalembetsa luso la tantalus, chimango chathabwa chokhala ndi loko chonyamula madikanta awiri kapena atatu. Mowa umaoneka, koma zitsekerero sizitseguka popanda kiyi. Dzinali lidachokera kwa Tantalus wa m'nthano za Agiriki, amene chilango chake chidali kuona madzi ndi zipatso osatha kuzifikira. Amene ankakanizidwawo adali antchito a m'nyumba.

Si botolo lililonse lakale limene lili ndi ndalama. Madikanta adothi a kampani ya Jim Beam ku America, komanso ooneka ngati belu a wisiki wa Bell's ku Scotland, adapangidwa ochuluka zedi, ndipo anthu ambiri adawasunga poganiza kuti adzadula. Chifukwa aliyense adasunga, ambiri mwa iwo lero amagulidwa motchipa.

Koma nkhani yaikulu kwa aliyense amene ali ndi dikanta ya kristalo, kaya yamtengo wapatali kaya yogula pakaunjika, ndi mtovu womwe uja. Mu 1991 Joseph Graziano ndi Conrad Blum a payunivesite ya Columbia ku New York adafalitsa kafukufuku wawo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, woonetsa kuti mtovu umatuluka m'galasi n'kulowa m'chakumwa. Vinyo amene adakhala mu dikanta miyezi inayi adapezeka ndi mamaikulogalamu a mtovu oposa 2,000 pa lita, ndipo burande wina amene adakhalamo zaka zoposa zisanu adapitirira 20,000. Mlingo umene bungwe la World Health Organization limaika pa madzi akumwa ndi mamaikulogalamu 10 pa lita.

Mtovu susintha kakomedwe ka mowa moti womwa n'kuzindikira. Umangounjikana m'thupi, makamaka m'mafupa, ndipo umaononga impso ndi mitsempha, kukweza kuthamanga kwa magazi, komanso kusokoneza ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Chimene chimachulukitsa mtovuwo ndi nthawi: chakumwa chothiridwa madzulo n'kumwedwa usiku womwewo chimatenga wochepa poyerekeza ndi chogonera miyezi pashelefu, monga timaonera m'mafilimu. N'chifukwa chake osonkhanitsa osamala amabwezera mowa wotsala m'botolo limene udagulidwira, n'kutsuka dikanta ndi madzi ofunda, kuiumitsa chozondoka, kenako kuiika m'kabati yopanda kanthu, chitsekerero chili pambali kuti chinyontho chituluke.