ERNST MAY, MMISIRI WA NYUMBA ZA ANCHITO

Amisiri olemba mapulani a nyumba amachuka kawiri-kawiri cifukwa ca machalichi akuru kapena nyumba za mafumu. Koma Mjeremani wina, dzina lace Ernst May, anachuka cifukwa ca tinyumba ta anthu olandira malipiro ocepa, ndipo zaka pafupi-fupi 20 za moyo wace anakhala mu Africa.

May anabadwa m'caka ca 1886 mu mzinda wa Frankfurt, m'dziko la Germany. Ali mnyamata anapita ku England kukaphunzira nchito kwa Raymond Unwin, amene anali kuphunzitsa kuti mzinda uyenera kukhala ndi mitengo, minda ndi mpweya wabwino. Nzeru yomweyo ndiyo anaitsata Professor Adshead polemba mapulani a Lusaka m'caka ca 1931, Boma lisanasamuke ku Livingstone m'caka ca 1935.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu a mu Frankfurt anali kugona mopanikizana m'zipinda za mdima. Tsono m'caka ca 1925 akuru a mzindawo anaitana May, ndipo m'zaka zisanu iye ndi anzace anamanga nyumba pafupi-fupi 12,000. Anafulumira motero cifukwa sanadikire womanga kusanja njerwa imodzi-imodzi. Zipupa anali kuziumbiratu ndi simenti m'fakitale, nazinyamula kudzaziimika pa malo pace. Zitseko ndi mazenera zinali za muyeso umodzi, kotero kuti mtengo unatsika. Nyumba zambiri zinali ndi magetsi, mosambira ndi kamunda. Ngakhale mophikira anamuganizira bwino: mai wina wa ku Austria, Margarete Schütte-Lihotzky, anayesa mayendedwe a mkazi pophika, nakonza khichini laling'ono m'mene mphika, madzi ndi ufa ziri pafupi ndi dzanja. Komabe lendi ya nyumbazo inakhala yokwera kwa amphawi eni-eni.

M'caka ca 1930 May anapita ku Russia kukathandiza kumanga mizinda yatsopano, monga Magnitogorsk, mzinda wa anchito osungunula citsulo pafupi ndi mgodi. Sanamvane bwino ndi Boma la kumeneko, ndipo anacoka kumapeto kwa 1933. Kwao sanathe kubwerera, pakuti Hitler anali atatenga ufumu, ndipo anthu ace anadana ndi mamangidwe a May. Motero anadza ku Tanganyika nakhala mlimi pafupi ndi Arusha. M'caka ca 1937 anayambanso nchito yace mu Nairobi, koma pa nkhondo yaciwiri Angerezi anamtsekera m'kampu ku South Africa kufikira 1942, cifukwa anali Mjeremani. Atatuluka analemba mapulani okuzira mzinda wa Kampala, namanga Delamere Flats mu Nairobi ndi Oceanic Hotel ku Mombasa.

Cimene ciyenera kuganiziridwa kwambiri ndi anthu a m'makomboni ndi ici. Ca m'ma 1945 May anakonza kanyumba ka anchito Acifirika, ka zidutswa za simenti zokolowekana, kokhota pamwamba ngati khumbi la udzu. Kanali kotsika mtengo ndi kosabvuta kuimika, koma sikanafale. Anthu anafuna nyumba ya ngondya zinai yonga ya Mzungu. Apa mmisiri wanzeruyo anaphonya: ku Frankfurt anapatsa wanchito nyumba yatsopano yokhala ndi magetsi, koma mu Africa anamlingalira ngati munthu woyenera kukhalabe m'khumbi.

Maganizo otere anali ponse-ponse masiku amenewo, ndipo Lusaka ali ndi umboni wace. M'zaka za 1930 ndi 1940 Boma linamanga ku Kabwata tinyumba tozungulira, tofolera ndi udzu, ta cipinda cimodzi. Wanchito anayesedwa mlendo m'tauni. Mkazi ndi ana anayenera kutsala kumudzi. Mitengo ndi minda ya Adshead inapita kwa Azungu a pa Ridgeway, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi Kabulonga. Lamulo lofuna kuti anchito okwatira apatsidwe nyumba za banja linadza m'caka ca 1948, Lusaka atakhala kale likuru zaka 13.

May anabwerera ku Germany, ndipo kuyambira 1954 anagwira nchito mu Hamburg yomanganso nyumba m'mizinda imene mabomba anaipasula. Anamwalira komweko m'caka ca 1970. Ku Kabwata tinyumba tambiri tinagwetsedwa m'zaka zotsatira kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma m'caka ca 1974 Boma la Zambia linapatula tinyumba 43, ndipo pa malowo amisiri osema amagulitsirapo ziboliboli ndi ng'oma.