Mphamvu zobwereka ndi ngongole ya thupi

Pa masewero a Olimpiki a ku Sydney m'chaka cha 2000, Maria Mutola anabweretsera dziko la Mozambique mendulo yoyamba ya golide pa liwiro la mamita 800. Komweko, Marion Jones wa ku America anapata mamendulo 5, koma mu 2007 anavomera kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala owonjezera mphamvu, ndipo analandidwa onse. Ya Mutola ikadali yake.

M'chaka chomwecho cha 2007, lipoti la Mitchell linatchula osewera baseball oposa 80 a ku America pa mlandu womwewu. Ena ankati asiyeni, thupi ndi lawo. Koma mankhwalawa, otchedwa ma steroid, amathamangitsa magazi, amawononga mtima ndi chiwindi, komanso amachepetsa mphamvu yobereka ya mwamuna. Obwerekana majekeseni ake amapatsirananso HIV.

Inu achinyamata a ku Meluluca, kaya mumasewera mpira kaya mumakoka chilimila, musamwe mapiritsi a mphamvu ogula pamsika. Kufooka kawirikawiri mwina ndi malungo, likodzo kapena kuchepa kwa magazi. Pitani kuchipatala ku Metangula akakuyezeni.