Kodi magalasi achikasu angaboole nkhungu ya ku Tsangano?

Ikafika miyezi ya June ndi July, dzuwa limachedwa kuoneka pamsewu wa M1 pakati pa Lizulu ndi pa boma la Ntcheu. Nkhungu imatsika m'mapiri a Kirk Range n'kukuta msewu wonse, moti wakabaza amene wasenza matumba a mbatesi kuchokera ku Tsangano amadzaona ng'ombe ali nayo kale pafupi. Mbali ina ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, koma nyengo ya chiperoni konse kumangoti mbuu!

N'chifukwa chake oyendetsa njinga zamoto ndi madalaivala ena amathamangira magalasi. Ena amagula akuda bii, ena achikasu omwe ogulitsa amawatamanda kuti ndi oonera usiku ndi m'nkhungu. Munthu akangovala achikasuwo, dziko limaoneka ngati lawala, ndipo ndalama imatuluka m'thumba mosavuta.

Nanga zoona zake n'zotani?

Yankho lili kutali ndi Ntcheu, kumapiri ozizira a ku Ulaya ndi ku America komwe anthu amachita masewera otsetsereka pa chipale chofewa, chomwe ena amangoti sinowo. Kuno kummwera kwa Africa masewerawa amachitikanso ku Afriski, m'mapiri a dziko la Lesotho. Osewerawa ali ndi vuto lofanana ndi la wakabaza wa ku Tsangano. Kukachita mitambo, pansi ndi kumwamba zimayera mofanana, mithunzi imasowa, ndipo munthu amene akuthamanga kwambiri saona dzenje kapena chitunda mpaka atagweramo. Makampani akhala akupikisana kupanga magalasi othandiza diso kusiyanitsa zinthu m'nyengo yotereyi.

Kampani ya Oakley idatulutsa magalasi otchedwa Prizm m'chaka cha 2014, pamene ya Smith ili ndi ake otchedwa ChromaPop. Nzeru yake ndi iyi: diso la munthu lili ndi timaselo ta mitundu itatu tozindikira kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu. Pali malo ena pomwe mitunduyi imalowerana, ndipo pamenepo ubongo umavutika kudziwa kuti ukuona mtundu uti. Opanga magalasi amathira utoto wapadera womwe umachepetsa kuwala kwa pamalo olowerana okhawo n'kusiya kwinako kudutsa. Zotsatira zake, chofiira chimafiira kwambiri, chobiriwira chimabiriwira kwambiri, ndipo malire a zinthu amaoneka akuthwa.

Makampaniwa sagwirizana pa zonse. Magalasi akale achikasu ndi ofiirira amatchinga kuwala kwabuluu pafupifupi konse, pamene a kampani ya Giro, omwe idapanga mogwirizana ndi Zeiss ya ku Germany n'kuwatcha VIVID, amalola dala kuwala kwina kwabuluu kudutsa. Iwo amati pachipale chofewa mithunzi imakhala yabuluu, choncho ukautchinga wonse wataya chizindikiro chokuuza kuti apa pali dzenje.

Apa ndi pomwe wa ku Ntcheu ayenera kutchera khutu. Magalasi onsewa adawakonza poganizira pansi poyera mbee. Msewu wa M1 ndi wakuda, ndipo misewu yolowera m'midzi ndi yadothi lofiira. Galasi lomwe limaonetsa bwino chitunda cha chipale ku Switzerland silidapangidwire dzenje la paphula pa Biriwiri. Oakley yomweyo imagulitsa Prizm wina wa pamsewu, wina wa pamadzi, wina wa pachipale, umboni woti palibe galasi limodzi lotha zonse.

Chachikulu kuposa apo n'chakuti palibe galasi lililonse, lodula kapena lotchipa, lomwe limaboola nkhungu. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, ndipo timamwaza kuwala kwa mitundu yonse pafupifupi mofanana. Kuwala kochokera pa lole yomwe yafera pamsewu kukamwazikira m'nkhungu kusanafike pamaso, galasi silingakubweze. Chimene galasi lachikasu kapena lofiirira lingachite masana a mitambo ndi kupangitsa zinthu zapafupi kuoneka zosiyana pang'ono ndi kupeputsa maso. Kutalika kwa pomwe munthu akuona kumakhala komweko.

Usiku ndiye nkhani imaipiratu. M'chaka cha 2019, akatswiri a maso ku Schepens Eye Research Institute mumzinda wa Boston ku America, motsogozedwa ndi Alex Hwang ndi Eli Peli, adayesa anthu 22 pamakina oyerekezera kuyendetsa galimoto usiku. Adapeza kuti magalasi achikasu sadathandize madalaivalawo kuona msanga munthu woyenda pansi, ngakhale pomwe nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimawathobwa m'maso. Izi n'zosadabwitsa, pakuti galasi lililonse la mtundu limadya gawo la kuwala, ndipo usiku kuwalako n'kochepa kale. Choopsa n'choti wovalayo amadzimva ngati akuona bwino, n'kuwonjezera liwiro pamsewu womwe amayi amayenda m'mphepete ndi madengu a kabichi pamutu.

Magalasi opangidwa motsatira muyezo amakhala ndi nambala yoyambira 0 mpaka 4, yomwe nthawi zambiri imalembedwa pakamwendo kokolowekera kukhutu. Nambala 0 amalola kuwala kopyola 80 peresenti kudutsa. Nambala 3, omwe ndi magalasi akuda a masiku onse, amalola pakati pa 8 ndi 18 peresenti. Nambala 4 ndi a okwera mapiri a chipale, ndipo saloledwa poyendetsa galimoto ngakhale masana. Muyezo womwewo umati galasi lolola kuwala kosafika 75 peresenti si loyendetsera kukada kapena chisisira.

Pali mtundu wina umene umathandizadi nyengo ya mvula. Awa ndi magalasi a polarized, ochokera ku nzeru za Edwin Land yemwe adayambitsa kampani ya Polaroid mu 1937. Amachotsa kunyezimira kwa dzuwa pa phula lonyowa ndi pamadzi. Osewera pachipale ambiri sawakonda chifukwa amabisa kunyezimira kwa malo oterera, ndipo wanjinga naye ayenera kudziwa kuti akhoza kumubisira chithaphwi kapena mafuta otayikira pamsewu. Kuwayesa n'kosavuta: yang'anani foni yoyaka kudzera m'galasilo n'kumalipotoza pang'onopang'ono. Ngati ndi enieni, pa mafoni ambiri chithunzi chimada kapena kusintha mtundu.

Magalasi osintha okha, oda padzuwa n'kuyera pamthunzi, adayamba ndi kampani ya Corning m'zaka za m'ma 1960. Kwa wanjinga ndi abwino, koma kukazizira amachedwa kuyera, ndipo ambiri sada mkati mwa galimoto chifukwa galasi lakutsogolo limatchinga cheza cha UV chomwe chimawadetsa.

Cheza chimenechi ndiye chifukwa chenicheni chovalira magalasi masana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati cheza cha UV chimawonjezekera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo chimathandizira kubweretsa ng'ala. Madera a Tsangano ndi Lizulu ndi okwera, ndipo mitambo yopyapyala sitchinga cheza chonse. Galasi lakuda lopanda chitetezo cha UV400 n'loipa kuposa kukhala opanda, chifukwa mboni ya diso imakula mumdima wa galasilo n'kulowetsa cheza chochuluka.

Chimodzi chomwe akabaza angatengere kwa anzawo a pachipale sichikhudza mtundu wa galasi konse. Mu 1965, dokotala wa mano wa ku America, Bob Smith, adapanga magalasi ophatikiza awiri okhala ndi mpweya pakati kuti asachite nthunzi mkati. Nzeru yomweyo ikupezeka pa zipewa zina za njinga zamoto. M'mamawa wa July pa Mlangeni, nkhungu ina yomwe wakabaza amalimbana nayo imakhala mpweya wake womwe, wounjikana mkati mwa galasi lokalikakalika la chipewa, lomwe amalipukuta ndi mkono wa jekete njinga ili pa liwiro.