Mwana Wanu ku Sekondale: Kalasi, Magulu ndi Bwalo la Masewera

M'makomo ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mumamveka dandaulo limodzi: mwana wachoka m'mamawa kunka kusukulu, koma wabwera dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu ndi fumbi, akuti anali ku mpira kapena ku gulu la zisudzo. Makolo ena amaona ngati kumeneku ndi kutaya nthawi, popeza kumunda kuli ntchito. Ife tikufuna kuonetsa kuti zochitika za kunja kwa kalasizi ndi zina mwa zingwe zimene zimagwira mwana kuti asasiye sukulu.

Mmene sekondale ikuyendera

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linasintha kayendedwe ka sukulu m'dziko lathu la Mozambique. Pulayimale tsopano imathera kalasi 6, ndipo kuyambira chaka cha 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Gawo loyamba la sekondale ndi kalasi 7 mpaka 9, lachiwiri ndi kalasi 10 mpaka 12. Lamulo lomweli likuti mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9, ndipo pa sukulu ya boma salipira ndalama yolembetsera kufikira kalasi imeneyi.

Tanthauzo lake kwa ife a kumidzi ndi lakuti mwana wa zaka 12 kapena 13 akuyamba kale moyo wa ku sekondale. Pamene sukulu ya pafupi ilibe makalasi amenewa, amayenda mtunda wautali wapansi kapena pa njinga, ngakhale m'chisanu cha Juni ndi Julayi, kapena amakakhala kwa achibale ku Ulóngwè. Akafika m'kalasi amapeza kuti phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wakewake, ndipo Masamu, Mbiri, Biologia ndi ena onse amaphunzitsidwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene kunyumba sachimva kawirikawiri. Malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo wopeza ochepera 10 walephera. Chaka chili ndi zigawo zitatu, ndipo pakutha pa chilichonse zotsatira zimaikidwa pa pauta kuti aliyense aone. Ndi makolo angati mwa ife amene anapitapo kukaona pauta ndi maso awo?

Magulu a ophunzira

Mwana amene amachita manyazi kuyankha m'kalasi poopa kusekedwa chifukwa cha Chipwitikizi chothyokathyoka, kawirikawiri amamasuka ali pa gulu. Pa gulu la zisudzo amaloweza mawu, amawayankhula mokweza, akaphonya anzake amamukonza mwa nthabwala. Pa gulu la mtsutso amaphunzira kumvetsera mnzake mpaka amalize, kenaka n'kumuyankha ndi mfundo osati ndi ukali. Pa dimba la sukulu, limene limayendera limodzi ndi phunziro la Agro-pecuária, mwana wa mlimi wa kachewere amapezeka kuti ndiye katswiri, ndipo amene anali wotsalira pa Masamu amalandira ulemu pakati pa anzake.

Palinso pulogalamu ya Geração Biz, imene inayamba mu 1999, yophunzitsa achinyamata kuti azilangiza anzawo za umoyo wawo, za HIV ndi za kuopsa kwa mimba za paubwana. Makolo ali ndi ufulu wofunsa zimene zikuphunzitsidwa kumeneko, ndipo ndi bwino kuti nkhanizi aziziyamba okha pakhomo. Tikumbukirenso kuti lamulo nambala 19/2019 linaletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 boma linathetsa lamulo la mu 2003 limene linkatumiza mtsikana woyembekezera ku sukulu ya usiku. Mtsikana amene ali ndi anzake pa gulu amakhala ndi omufunafuna akajomba masiku awiri. Amene alibe amangozimirira, ndipo timadzamva kuti anamuperekeza ku banja.

Bwalo la masewera

Bwalo la sekondale ya kumudzi nthawi zambiri limakhala la fumbi, magolo ake ndi mitengo ya bulugamu, mpira ndi umodzi wosokedwasokedwa. Komabe bwalo lomwelo ndilo khomo lolowera ku mpikisano wa Jogos Desportivos Escolares, umene umayambira pa sukulu, n'kupita pa dera, pa chigawo cha Tete, mpaka pa dziko lonse. Kumeneko kumakhala mpira wa miyendo, wa manja, basiketibolo, volebolo ndi liwiro. Wosewera ayenera kukhala wophunzira, ndipo ichi chokha chimabweza mnyamata amene akanathawira ku ganyu kapena kukanyamula matumba pa msika wa m'malire.

Amene amati mpira si wa atsikana akumbukire Maria de Lurdes Mutola. Iye anakulira ku Chamanculo mu mzinda wa Maputo, akusewera mpira wa miyendo ndi anyamata. Mlakatuli José Craveirinha ndiye anaona liwiro lake namulimbikitsa kuyamba kuthamanga. Mu 1988, ali ndi zaka 15, anapikisana nawo pa masewera a Olimpiki ku Seoul, ndipo mu 2000 ku Sydney anapambana pa mtunda wa mamita 800, n'kubweretsa mendulo yagolide yoyamba ya dziko lathu. Si ana onse adzafika pamenepo, koma aliyense akhoza kuphunzira pabwalo kusunga nthawi, kumvera woyimbira, ndi kugonja popanda ndewu.

Mbali ya makolo

Sitikunena kuti zonse ndi zabwino. Masewera akatha mochedwa, mtsikana woyenda yekha m'njira ya m'thengo ali pangozi. Mnyamata wokonda mpira kuposa kope adzaona 7 pa pauta. Mankhwala ake si kuletsa, koma kuyang'anira. Tidziwe masiku a masewera ndi dzina la mphunzitsi woyang'anira. Tikonze kuti ana a mudzi umodzi azibwerera pamodzi kusanade. Tigwirizane ndi mwana kuti malikisi akatsika pansi pa 10, mpira uyambe wadikira. Ndipo nthawi yokolola ikafika, tigawe ntchito mwakuti mwana asajombe sabata yathunthu.

Sukulu ya boma ili ndi bungwe la Conselho de Escola, mmene makolo ndi anthu a m'mudzi ali ndi mipando pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira. Mmenemo ndi mmene mungakambidwe za nthawi yothera masewera, za zimbudzi za atsikana, kapena za kusalaza bwalo tsiku Loweruka. Akulu anati m'mera mpoyamba. Choncho, abale, msonkhano wa makolo ukaitanidwa chigawo chino, tisatume mwana kukatiyimira. Tinyamuke tokha, tikaone pauta, ndipo tsiku la mpikisano tikaime m'mbali mwa bwalo kuchemerera ana athu.