Ndalama Siibala Yokha: Banki ya Chisilamu ndi Alimi a Kunsi kwa Phiri la Dedza

Munthu amene watsika phiri la Dedza ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere m'mwezi wa Febuluwale, nafika pa Golomoti pamene dziko limafutukuka kukhala chigwa cha milambe kufikira kunyanja, angathe kunena mumtima mwake kuti kuno njala siidziwika. Pakuti chimanga chili biriwiri, thonje latambasula masamba, ndipo m'minda ya mpunga ya ku Bwanje madzi a mtsinje wa Namikokwe akuyenda m'ngalande monga anawalamulira. Koma eni dera adziwa kuti mwezi umenewu ndiwo wowawa kuposa yonse, popeza nkhokwe yatha, za kumunda sizinache, malungo afika pachimake, ndipo ndiyo nyengo imene munthu waulemu wake amavula chipewa pakhomo pa mwini katapila.

Machitidwe a katapila sabisika kwa aliyense wa ku Mua kapena ku Mtakataka. Wobwereka K50,000 amauzidwa kuti mwezi ukatha abweze ndi theka pamwamba, ndiye K75,000. Akalephera, chiwongoladzanja chija chimasanduka ngongole nichiyamba kubala chinzake, kotero kuti mwezi wachiwiri ndalama ifika K112,500, wachitatu K168,750, ndipo pofika nthawi yokolola munthu uja ali ndi mlandu wopitirira K250,000 pa ndalama imene anagulira matumba ochepa a chimanga amene ana anadya kalekale. Njinga imapita, mbuzi zimatsatira, kenaka malata. Ndipo ena, pothawa manyazi, amalawira usiku kunka kutali osatsazika.

Akatswiri a zakuthambo amasimba za chinthu chimene amachitcha dzenje lakuda, chimene chimabadwa nyenyezi yaikulu ikafa nidzigwera yokha, ndipo mphamvu yake yokoka ndi yoopsa kotero kuti pali malire amene chinthu chikawabzola, ngakhale kuwala kumene, sichibwereranso. Likameza, limakula, ndipo likakula, malire ake amafutukuka. Chithunzi choyamba cha mthunzi wa dzenje lotere, la mu mlalang'amba wa M87, chinaonetsedwa mu 2019. Koma kale mu 1974 Stephen Hawking wa ku Cambridge, pophatikiza chiphunzitso cha Einstein ndi malamulo a tinthu tating'onoting'ono otchedwa quantum, anaonetsa kuti dzenjelo silimeza kokha ai, koma limatulutsanso kafungo ka kutentha pang'onopang'ono, nilichepa, kufikira tsiku lina lidzatheratu. Komabe dzenje lolemera ngati dzuwa lingafune zaka zowerengedwa ndi 1 wotsatidwa ndi mazero 67 kuti lizimirire, ndipo za chimene chimachitika pa mathero akewo, ndi kumene kumapita mbiri ya zonse zimene linameza, akatswiri akali kutsutsana. Ndatchula zimenezi chifukwa ngongole ya katapila nayo ili ndi malire ake otere, ndiwo tsiku limene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chaposa chimene munda ungabale; kusiyana kwake ndi kwakuti dzenje la kumwamba, pokhala cholengedwa, lili ndi lamulo lolichepetsa, pamene dzenje lokumbidwa ndi munthu silichepa pokhapokha anthu ataliikira lamulo.

Lamulo limenelo lilipo, ndipo ndi lakale. Abale athu Achisilamu, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi, ndipo mizikiti yawo imaoneka m'mbali mwa msewu wa M5 kuchokera ku Chipoka kufikira ku Golomoti ndi kupitirira, amaphunzitsidwa kuti riba, ndiyo ndalama yoonjezera pa ngongole, ndi haramu. Chakumapeto kwa Sura ya Baqara, Kurani imaloleza malonda koma imaletsa riba, imalangiza wobwereketsa kudikira mnzake amene wapanikizika, ndipo ndime yaitali koposa m'buku lonselo, ya 282, ndiyo yolamula kuti ngongole ilembedwe pamaso pa mboni. Mkhristu wa ku Mua, amene makolo ake analandira mau kwa Ansembe Oyera chiyambire 1902, asaganize kuti ichi ndi chilendo kwa iye: chilamulo cha Mose mu Eksodo, Levitiko ndi Deuteronomo chimaletsa kukongoza mbale waumphawi mwa phindu, Nehemiya anadzudzula akulu a Yuda chifukwa cholanda minda ya abale awo m'chaka cha njala, ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Lateran mu 1179 unamana mgonero ndi maliro a mpingo anthu odziwika ndi katapila. Zipembedzo ziwirizi zinayambira pa mtengo umodzi pa nkhaniyi. Koma Asilamu ndiwo anapitiriza kufunsa funso limene ena analisiya, lakuti: ngati ndalama siiloledwa kubala yokha, nanga banki ingayende bwanji?

Yankho lawo linayesedwa koyamba m'tauni yaing'ono ya alimi ya Mit Ghamr ku Egypt mu 1963, pamene Ahmad El-Naggar anakhazikitsa nyumba yosungitsa ndalama yopanda chiwongoladzanja. Ndipo nkoyenera kukumbukira kuti chiyambi chake chinali pakati pa alimi, osati pakati pa eni zitsime za mafuta. Mu 1975 munatsegulidwa Dubai Islamic Bank ndi Islamic Development Bank ya ku Jeddah. Mu 1989 Al Baraka inayamba ntchito ku Durban. Ndipo mu 2014 boma la Britain ndi la South Africa, amene sali maboma Achisilamu, anapeza ndalama kudzera m'zikalata zotchedwa sukuk, lina mapaundi 200 miliyoni, linalo madola 500 miliyoni.

Maziko ake ndi akuti phindu liyenera kuchokera pa chinthu chogwirika kapena pa ntchito yeniyeni, ndipo wofuna phindu alole kusenzako tsoka. Pa murabaha, msodzi wofuna injini ya boti sapatsidwa ndalama m'manja. Banki imagula injiniyo, ikhala yake, ndipo imamgulitsa pa mtengo woonjezera umene onse awiri agwirizana poyera, wolipidwa pang'onopang'ono, ndipo mtengowo sukwera ngakhale munthu achedwe, chindapusa chikakhalapo chimapita kwa osauka, osati m'thumba la banki. Pa ijara, banki imabwereketsa chipangizo monga munthu achitira lendi nyumba. Pa mudaraba, wina aika mpamba, wina aika thukuta ndi luso, ndipo phindu aligawana monga anapangana; koma malonda akagwa popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini mpamba ataya ndalama zake, wogwira ntchito ataya thukuta lake, ndipo palibe amene atsala kapolo wa mnzake.

Apa ndipo mtima wanga umakondwera, pakuti amene anakhalako pa doko m'mamawa, pamene mabwato a usipa akukocheza, adziwa kuti dongosolo limeneli silinabwere ndi ndege. Mwini chilimira ndi boti sakongoza alovi ake khoka kuti amlipire chiwongoladzanja. Iwo amapita panyanja usiku ndi nyali, ndipo nsomba zikagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta, zotsalazo nagawana, gawo la mwini zida ndi gawo la alovi. Mwera ukaomba nabwerera chimanjamanja, onse agona ndi njala imodzi. Momwemonso makolo athu poikiza mbuzi kwa mbale wa kumudzi wina, wowetayo ankapatsidwako mwana wa mbuzi zikaswana, ndipo fisi akagwira, mlandu sunkakula. Sindikunena kuti pa doko palibe kuponderezana, pakuti alovi ambiri amadandaula ndi kuchepa kwa gawo lawo. Koma mfundo yake ndi yolungama, ndipo ndi yomweyo imene mashehe amaitcha ndi maina Achiarabu. Mnzako akapsa ndevu mzimire: katapila amadikira kuti ndevu zipse kuti agulitse madzi.

M'dziko muno nkhaniyi inayenda mwakachetechete. Mu 2018, Dalitso Kabambe ali gavanala, Reserve Bank of Malawi inavomereza kuti ntchito za banki ya Chisilamu zichitike, koma kudzera pa zenera lapadera m'mabanki amene alipo kale, osati banki yoima payokha. Ndipo pambuyo pake FDH Bank inatsegula zenera lotere pa dzina lakuti Salama. M'chaka chomwecho cha 2018 Nyumba ya Malamulo inatekeseka ndi bilu yofuna kuika malire pa chiwongoladzanja cha mabanki, imene sinakhale lamulo, koma inaonetsa kuti kulira kumeneku si kwa Asilamu okha. Kuyambira pamenepo zinthu zinangolimba: kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika 26 peresenti, kutanthauza kuti wamalonda wamba ankalipira koposa apo.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kungakhale kusakhulupirika kubisa nyererezo. Mwa akatswiri Achisilamu eni ake alipo ambiri amene amadandaula kuti mabanki otere padziko lonse anakonda murabaha, imene phindu lake ndi lodziwikiratu, nathawa mudaraba, imene ili mtima wa chiphunzitsocho; ndi kuti poika mtengo woonjezera uja amayang'ana pa chiwongoladzanja cha mabanki ena, kotero kuti wogula akawerengetsa amapeza kuti walipira chimodzimodzi. Dandaulo limeneli ndi loona, ngakhale kuti mtengo wosakwera ukachedwa ndi chitetezo chenicheni chimene wa katapila sangapereke. Chachiwiri ndi mtunda. Zenera lili m'tauni. Mlimi wa ku Mtakataka ayenera kukwera galimoto kunka ku Salima kapena ku boma la Dedza, ndipo akafika amfunsa chikole ndi zikalata zimene alibe. Chimene chili pafupi naye ndi foni ya Mpamba kapena Airtel Money, ndi banki m'khonde ya amayi a m'mudzi, imene ngakhale yathandiza ambiri, nayonso imayendera chiwongoladzanja cha pamwezi, chinthu chimene chimavutitsa chikumbumtima cha mayi Wachisilamu wofuna kulowamo.

Pali pangano limodzi m'malamulo Achisilamu limene ndikhulupirira kuti linayenera chigwa chino kuposa ena onse, ndilo salam. Pa panganoli wogula amalipira mtengo wonse lero, ndipo mlimi amalonjeza kudzapereka mbewu ya mtundu wodziwika, ya muyeso wodziwika, pa tsiku lodziwika; linaloledwa kuyambira masiku a Mtumiki Muhammad ku Madina chifukwa cha alimi a zipatso za kanjedza amene ankasowa ndalama zisanache, ndipo mabanki a ku Sudan aligwiritsa ntchito pa ulimi. Mavenda amene amagula mpunga uli m'munda amachita chofanana nacho, koma mopanda mboni, pa mtengo wa munthu wanjala, ndi ndowa yophwanyidwa m'mbali kuti ilowe zambiri. Sikimu ya Bwanje, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan pa mahekitala 800, ili kale ndi alimi olembedwa maina, minda yoyezedwa, ndi madzi a m'ngalande amene amachepetsa mantha a chilala. Chofunika ndi chakuti banki ipangane ndi gulu la alimi m'malo mwa munthu mmodzimmodzi, mtengo wa thumba la makilogalamu 50 ulengezedwe pabwalo pamaso pa mfumu, shehe ndi mkulu wa mpingo, sikelo ikhale yoyesedwa ndi boma, ndipo ndalama ifike pa foni ya mlimi mu Januwale, mpunga nudzaperekedwa ku nyumba yosungiramo mu Juni.