Kuyamba Kupanga Makanema a pa Intaneti ndi Ndalama Zochepa

Ophunzira ambiri amaganiza kuti makanema a pa TikTok, Facebook kapena YouTube amafuna kamera yodula. Ayi, foni ya Android ndi yokwanira.

Yambani ndi nkhani imene mukuidziwa bwino. Kuno ku Mwanza zilipo zambiri: ulimi wa manachesi, malonda a pachipata cholowera ku Zobue, ngakhale kufotokozera anzanu masamu a MSCE.

Jambulani masana pamthunzi, pamalo opanda phokoso, chifukwa anthu sachedwa kusiya kanema wosamveka mawu. Konzani kanemayo ndi pulogalamu yaulere ngati CapCut. Asapitirire mphindi imodzi kuti bandulo ya TNM kapena Airtel isathe msanga.

Ndalama sizibwera lero ndi lero. M'maiko amene YouTube imalipira, opanga makanema aatali amafunika olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Choncho sukulu ikhale patsogolo.

Makolo dziwani kuti TikTok ndi Facebook salola ana osakwana zaka 13. Ana inu, pemphani chilolezo musanajambule munthu. Kuvutitsa wina pa intaneti ndi mlandu malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016.